Kudula Mawu Pakamwa pa Akazi: Kuunika Kafukufuku wa Zimmerman ndi West ndi Ntchito Zomutsatira

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika kafukufuku mmodzi wamng'ono amene wakhala akutchulidwa m'mabuku kwa zaka zokwana 50, pamodzi ndi ntchito zina zimene zinaphukira pa tsinde lake. Kafukufukuyo ndi wa Don Zimmerman ndi Candace West, ndipo anatuluka m'chaka cha 1975 m'buku lokonzedwa ndi Barrie Thorne ndi Nancy Henley lotchedwa Language and Sex: Difference and Dominance. Funso limene aŵiriŵa anafunsa linali lalifupi: mwamuna ndi mkazi akamacheza, ndani amadula mnzake mawu pakamwa? Ena angaone ngati funsoli n'lochepera msonkhano wa akatswiri a zinenero, koma zotsatira zake si zamaseŵera. Katswiri amene sanapatsidwe mpata womaliza mfundo yake pamsonkhano saloŵa m'maminitsi, mfundoyo imatoledwa ndi wina amene waimaliza, ndipo likafika tsiku losankha woti akwezedwe pantchito, iye amakumbukiridwa monga munthu wofatsa amene analibe zambiri zonena. Ndidzayesa kusonyeza kuti chimene Zimmerman ndi West anaona chilipodi, koma muyeso umene anachiyesera unapangidwira Chingelezi, ndipo ife a zinenero za Chibantu sitingaubwereke tisanaupime.

Zimene anachita n'zosavuta kufotokoza. Anajambula pa tepi macheza 31 a anthu aŵiriaŵiri, ambiri m'malo omwera khofi, m'masitolo ndi m'malo ena apoyera a m'dera la yunivesite ku California. Macheza 10 anali a amuna okhaokha, 10 a akazi okhaokha, ndipo 11 a mwamuna ndi mkazi. M'macheza 20 oyambawo kudula mawu kunachitika ka 7 kokha. M'macheza 11 a mwamuna ndi mkazi kunachitika ka 48, ndipo ka 46 wodulayo anali mwamuna. Apa ndi pamene panachokera chiŵerengero chotchuka chija cha 96 pa 100.

Ubwino wa ntchitoyi tisaukane. M'chaka chomwecho Robin Lakoff anatulutsa buku lake Language and Woman's Place, limene linagalamutsa anthu ambiri, koma umboni wake unali wochokera m'makutu ndi m'maganizo a mlembi mwini wake. Zimmerman ndi West anabwera ndi tepi. Anabweranso ndi ndondomeko imene Harvey Sacks, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson anali atangoifalitsa kumene mu 1974 m'magazini ya Language, yofotokoza m'mene anthu ocheza amasinthanira mpata woyankhula. Mwachidule ndondomekoyo imati woyankhula akafika pamalo pamene mawu ake angathe kuthera, iye angasankhe womutsatira. Akapanda kusankha, aliyense angadzisankhe yekha. Pakapanda wotero, woyamba uja angapitirize. Nzeru ya Zimmerman ndi West inali kuona kuti ndondomeko yotere imagaŵa ufulu, ndipo pamene pali ufulu pangakhalenso kulanda. Munthu amene amalandidwa mpata wake kaŵirikaŵiri, wolandayo osachita manyazi ndiponso omvera osadabwa, gulu lamuika pansi ngakhale palibe wanena pakamwa.

Komabe chiŵerengero cha 96 chija chayenda ulendo wautali chokha, chitasiya m'mbuyo macheza 11 amene chinachokeramo. Ocheza onse anali azungu opezako bwino, a zaka zapakati pa 20 ndi 35. Pa kudula 48 kuja, 13 kunachokera m'macheza amodzi okha, a mayi wothandizira kuphunzitsa pa yunivesite ndi mnyamata amene anali wophunzira: mnyamatayo anadula ka 11, mayiyo kaŵiri. Chitsanzochi chili paŵiri. Chikusonyeza kuti udindo sunamutchinjirize mayiyo, komanso chikusonyeza kuti mwamuna mmodzi wolongolola angapendeketse sikelo yonse pamene anthu oyesedwa ali ochepa chonchi. Mu 1983 West ndi Zimmerman atabwereza ntchitoyo ndi anthu osadziŵana, gawo la amuna linatsika kufika pa 75 pa 100. Geoffrey Beattie, poyesa magulu ang'onoang'ono a ophunzira ndi aphunzitsi awo pa yunivesite ina ku England mu 1981, sanapeze kusiyana koonekera pakati pa amuna ndi akazi. Mu 1993 Deborah James ndi Sandra Clarke anasonkhanitsa ntchito zambiri za mtundu umenewu, naona kuti zochuluka mwa izo sizinapeze kusiyana kodalirika.

Amene amati pamenepa nkhani yonse inagwa sanaŵerenge mpaka kumapeto. Mu 1998 Kristin Anderson ndi Campbell Leaper anaphatikiza zotsatira za ntchito 43 zosindikizidwa. Anapeza kuti kudula kwa mtundu uliwonse kukaŵerengedwa pamodzi, kusiyana kwa amuna ndi akazi kumakhala kochepa zedi. Koma kukaŵerengedwa kudula kolanda mpata kokha, kusiyanako kumakula ndithu, makamaka m'magulu a anthu atatu kapena oposerapo, ndiponso m'malo enieni a moyo kusiyana ndi m'zipinda zoyesera. Chotero nkhaniyo sinagwe, inangosamuka. Inachoka pa tebulo la anthu aŵiri omwa khofi n'kukakhala m'gulu, pamene pali omvera oti awonererepo ndiponso mpata wochepa woti ulimbiranidwe, ndipo msonkhano wa akatswiri ndi gulu lotero. Aŵiriwo anaonanso chinthu chimene chiyenera kutisoŵetsa mtendere tonsefe: kusiyanako kunkaoneka kwakukulu m'mapepala amene mlembi woyamba anali mkazi. Ena amatenga zimenezi monga umboni wakuti akazi ofufuza amakokomeza. Zingatanthauzenso kuti amuna ofufuza samva chimene sichiwapweteka. Ziŵerengerozo pazokha sizigamula mlanduwo.

Tsono tifike pa muyeso weniweniwo, pakuti apa ndi pamene ife tili ndi chonena chimene anzathu a Chingelezi alibe. Mu 1975 Zimmerman ndi West anasiyanitsa zinthu ziŵiri. Wachiŵiri akayamba kuyankhula woyamba ali m'kati mwa liwu lake lomaliza, kumeneko si kudula koma kufulumira chabe. Mawu angokumana pakhomo, ena potuluka ena poloŵa. Akayamba liwu lomalizalo lisanafike, kumeneko ndiko kudula. Mu 1983 anausintha pang'ono muyesowo, nati kudula ndi kuloŵerera patali kuposa maphatikizo aŵiri kuchokera pamalire a mawu a mnzako. M'Chingelezi, m'mene mawu ambiri a tsiku ndi tsiku ali a phatikizo limodzi kapena aŵiri, miyeso iŵiriyi imapereka yankho lofanana nthaŵi zambiri. Tiiyese pa Chicheŵa. Mayi wina pamsonkhano akuti: sitidzakuyankhaninso. Limeneli ndi liwu limodzi la maphatikizo 8, komanso ndi chiganizo chathunthu chokhala ndi mwininkhani, pamtherankhani, nthaŵi ndi kukana. Bambo wina aloŵerere pa phatikizo lachitatu, -dza-. Mwa muyeso wa 1975 bamboyo sanalakwe, pakuti waloŵa m'kati mwa liwu lomaliza, limenenso lili loyamba. Mwa muyeso wa 1983 wadula moonekeratu, pakuti kwatsala maphatikizo 5. Chochitika chimodzi, zigamulo ziŵiri.

Vutoli limakula tikakumbukira kuti malire a liwu lolembedwa m'zinenero zathu anaikidwa ndi okonza malamulo a kalembedwe, ndipo iwo sanagwirizane. Chizulu, Chixhosa ndi Chicheŵa zimalumikiza aphatikiri a mneni kukhala liwu limodzi, pamene Sesotho ndi Setswana zimawalemba motalikitsa. Mzulu amalemba ngiyakuthanda, liwu limodzi. Mtswana amalemba ke a go rata, mawu anayi. Kamangidwe ka chiganizo n'kamodzimodzi. Wofufuza wogwiritsa ntchito muyeso wa liwu lomaliza angathe kulengeza kuti amuna a ku Gaborone amadula akazi kuposa amuna a ku Durban, pamene chimene wayesa ndi maganizo a amishonale a m'zaka za m'ma 1800 pa nkhani ya posiya danga papepala.

Muyeso wa maphatikizo aŵiri uli ndi kanthu kena kogwirizana ndi zinenero zathu, ngakhale kuti eni ake sanalingalire zimenezo. M'Chicheŵa phatikizo lachiŵiri kuchokera kumapeto limatalika pothera pa chigawo cha mawu, monga Jonni Kanerva anafotokozera mu 1990, ndiponso Laura Downing ndi Al Mtenje m'buku lawo la 2017, The Phonology of Chichewa. Womvera akamva kutalikako amadziŵa kuti kwatsala phatikizo limodzi kuti chigawocho chithe. Koma kutha kwa chigawo si kutha kwa mpata. Munthu akaika mutu wa nkhani patsogolo, monga poti nkhani ya mneni imene mwaitchulayi, ine ndikuiona mwina, kutalika kumamveka pa mwaitchulayi pamene iye sananene n'komwe chimene akufuna kunena. Chimene chimauza womvera kuti adikire ndi kukwera pang'ono kwa liwu pamenepo. Chiganizo cha katswiri, chodzaza ndi nthambi ndi zotsindika, chili ndi malo ambiri otere. Aliwonse ndi khomo lotseguka kwa munthu wofuna kuloŵa, ndipo akaloŵa angadziŵiringule kuti amayesa mnzake wamaliza. Kaya anamva molakwa kapena anachita dala, umboni wake uli mu utali wa phatikizo ndi m'kukwera kapena kutsika kwa liwu. Kalembedwe kathu ka masiku onse sikasonyeza chilichonse mwa izi, monga tonse tidziŵa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazilemba chimodzimodzi. Wolemba macheza m'kalembedwe kameneka wafufuta umboni asanayambe kuŵerenga.

Kuti kamvekedwe ka liwu si nkhani yaing'ono tikuphunzira kwa Margaret Thatcher. Mu 1982 Beattie, Anne Cutler ndi Mark Pearson analemba m'magazini ya Nature pofunsa chifukwa chimene nduna yaikulu ya Britain ija inkadulidwira mawu kaŵirikaŵiri ndi atolankhani. Yankho lawo linali lakuti mayiyo ankatsitsa liwu mofulumira pamalo pamene sankafuna kuleka, kotero womufunsa ankayesa kuti wamaliza. Ntchitoyo ndi yaluso, koma onani pamene yasiya mlandu: pakhosi pa wodulidwayo. Mu 1988 Peter Bull ndi Kate Mayer anayerekeza Thatcher ndi Neil Kinnock m'mafunso a pawailesi yakanema a chisankho cha 1987, napeza kuti aŵiriwo ankadulidwa pafupifupi mofanana. Chosiyana chinali chakuti Thatcher ankadandaula poyera akadulidwa. Funso la mu Nature lija linali litavomereza kale chinthu chimene chinali chisanaŵerengedwe bwino.

Palinso kuyankhulira pamodzi kumene si kulanda konse. Deborah Tannen, m'buku lake la 1984, Conversational Style, anasonyeza kuti anthu ena a ku New York amaloŵerera mawu a mnzawo posonyeza chidwi, ndipo anzawo a kwina amakumva ngati chipongwe. Ife sitinafunikire kupita ku New York kuti tidziŵe zimenezi. Wosimba nthano amene omvera ake savomera kuti tili tonse amadziŵa kuti ana agona. Pabwalo la milandu munthu wamkulu akamayala nkhani, eya ndi zoona ndi ndithu zimagwa m'kati mwa mawu ake, ndipo zikaleka kugwa iye amadziŵa kuti bwalo lamufulatira. Chinenero chathu chili ndi aneni osiyana a zinthu zimenezi: kuvomera, kuyankhira, kuthirira ndemanga, kuloŵerera, kutsekereza, kudula, kulanda mawu pakamwa. Woŵerenga maphatikizo amaziponya zonse m'dengu limodzi. Ndiponso msintho wa mneni umatipatsa kusiyana kumene Chingelezi chimakunena mozungulira: pali kudula ndipo pali kudulana. Anthu aŵiri okondwa ndi nkhani amadulana mawu, nadzuka onse atakhuta. Chimene Zimmerman ndi West anadandaula nacho ndi macheza amene -an- wasoŵamo.

Carole Edelsky anafika pafupi ndi mfundo imeneyi mu 1981 pamene anajambula misonkhano isanu ya komiti ya aphunzitsi a pa yunivesite. Anaona kuti nthaŵi zina munthu mmodzi amatenga bwalo yekha ena n'kumamvera, ndipo nthaŵi zina gulu lonse limamanga mfundo pamodzi, mawu akupingasana. Pa bwalo la munthu mmodzi amuna ankayankhula kwambiri ndiponso motalika. Pa bwalo la onse kusiyanako kunkazimiririka. Kunena kwina, pamene mawu ankapingasana kwambiri ndi pamene akazi ankamveka kwambiri. Woŵerenga kudula kokha akanagamula mobwerera m'mbuyo.

Tidutse mwachangu pa ntchito ya Tanya Stivers ndi anzake ya 2009, imene inayesa danga lapakati pa funso ndi yankho m'zinenero 10. Inapeza kuti kulikonse anthu amapeŵa kupingasana ndiponso kukhala chete motalika, ndipo dangalo limazungulira pa gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, Chijapani chili chofulumira kwambiri ndi Chidanishi chochedwa kwambiri. M'zinenero 10 zija munali ǂĀkhoe Haiǁom cha ku Namibia, koma munalibe cha Chibantu ngakhale chimodzi.

Umboni wolimba kwambiri wa masiku ano wachokera m'malo a ntchito, m'mene muli malamulo olembedwa a woyenera kuyankhula. West mwini wake anayamba njira imeneyi mu 1984 pojambula madokotala ndi odwala awo: madokotala aamuna ndiwo ankadula odwala kwambiri, koma dokotala akakhala mkazi odwala ndiwo ankamudula kwambiri. Madokotala aakazi m'ntchitoyo anali ochepa zedi, choncho tisaisenzetse katundu wolemera. Yolimba koposa ndi ya Tonja Jacobi ndi Dylan Schweers ya 2017, yonena za Bwalo Lalikulu la Milandu la America, kumene liwu lililonse limajambulidwa ndi kulembedwa. M'chaka cha milandu cha 1990, pamene Sandra Day O'Connor anali mkazi yekha pa oŵeruza 9, kudula 35.7 pa 100 kunagwera iye. Mu 2002, akazi ali aŵiri, kunafika pa 45.3. Mu 2015, pamene panali Ruth Bader Ginsburg, Sonia Sotomayor ndi Elena Kagan, kunafika pa 65.9, ngakhale kuti atatuŵa anali gawo limodzi mwa magawo atatu a bwalolo. Odulawo sanali oŵeruza anzawo okha. Maloya aamuna nawonso ankadula, pamene malangizo a bwalolo amati loya aleke kuyankhula woŵeruza akangotsegula pakamwa. Apa palibe wonena kuti kunali kuvomera kwachidwi.

Ntchitoyi ili ndi pogwira pake. Akazi onse a m'nyengo yoyesedwayo anali anthu anayi okha, ndipo atatu a mu 2015 anali onse a mbali imodzi ya maganizo pa ndale za malamulo, kotero nkovuta kulekanitsa kotheratu kudulidwa chifukwa cha ukazi ndi kudulidwa chifukwa cha maganizo. Alembiwo anayesa kulekanitsa zimenezi, pamodzi ndi nkhani ya ukulu pantchito, ndipo ukazi unatsalabe wolemera. Koma chimene ine ndimachiona chamtengo wapatali si ziŵerengero zija. Iwo anaona kuti oŵeruza aakazi akangofika kumene amayamba mafunso awo ndi mawu aulemu opempha mpata kapena opepesa, ndipo pomwepo ndi pamene amadulidwa. Zaka zikamapita amasiya mawu aulemuwo n'kumangoloŵa m'funso. Aliyense amene wamvapo katswiri wa kwathu akuyamba ndi zikomo kwambiri a wapampando, pepani, mwina ndingafunseko pang'ono, aona kutalika kwa khonde limene munthu waulemu amadutsa asanafike pa mfundo yake. Mu 2021 Sotomayor, poyankhula pa New York University, ananena kuti ntchito za mtundu umenewu zinasintha zinthu m'bwalo lawo, ndipo woŵeruza wamkulu John Roberts anayamba kukhala tcheru. Kuyambira mu 2020, pamene milandu inkamvedwa pa telefoni chifukwa cha mliri, woŵeruza aliyense anayamba kupatsidwa nthaŵi yakeyake motsata ukulu, ndipo mbali ya chizoloŵezi chimenechi inasungidwa atabwerera m'chipinda mu 2021.

Pa misonkhano ya sayansi pali ntchito ziŵiri zoyenera kuziŵerenga pamodzi. Pascaline Dupas, Alicia Sasser Modestino, Muriel Niederle ndi Justin Wolfers anafalitsa mu 2021 zimene gulu lawo linaona m'misonkhano mazana angapo ya akatswiri a zachuma ku America mu 2019: mkazi akamakamba pepala lake ankafunsidwa mafunso ochuluka ndi pafupifupi 12 pa 100 kuposa mwamuna, ndipo mafunsowo kaŵirikaŵiri anali onyazitsa kapena aukali. Wina angati mafunso ambiri ndi chizindikiro cha chidwi, ndipo wina angakumbutse kuti ogamula ukali wa funso anali anthu okhala m'chipindamo, oona ndi maso kuti wokambayo ndi mkazi. Zonsezo n'zomveka. Koma ola la msonkhano silitambasuka. Funso lililonse logwa pakati pa nkhani limadya mphindi za wokamba, ndipo amene wadyeredwa kwambiri ndiye amathamangitsa zotsatira zake kumapeto. Ntchito yachiŵiri ndi ya Alecia Carter ndi anzake ya 2018, yoyang'ana mbali ya omvera m'misonkhano pafupifupi 250 m'maiko 10. Mwamuna wokhala pakati pa omvera anali ndi chizoloŵezi chofunsa funso koposa kaŵiri ndi theka kuyerekeza ndi mkazi, koma funso loyamba likachokera kwa mkazi kusiyanako kunkachepa kwambiri. Ziŵirizi zikaikidwa pamodzi chithunzi chake n'chakuti mkazi ali kutsogolo amafunsidwa mopitirira, ali kumbuyo amafunsa mopereŵera.

Chofooka chachikulu cha njira yonseyi, kuyambira 1975 mpaka lero, n'chakuti imaŵerenga zimene zamveka. Munthu sangadulidwe mawu amene sanapatsidwe mpata wowayamba. Ethel Albert, polemba za Burundi mu 1964, anafotokoza kuti m'gulu anthu amayankhula motsata ukulu wa udindo. Kumene mpata umagaŵidwiratu chotero kudula kumasoŵa, ndipo wofufuza wonyamula muyeso wa Zimmerman ndi West angabwerere kwawo ndi ziro, nalemba kuti kumeneko amuna ndi akazi ndi ofanana. Misonkhano yathu ya akatswiri m'chigawo chino cha Africa ili pafupi ndi bwalo lotere kusiyana ndi malo omwera khofi a ku California. Timakweza dzanja, timadikira wapampando, timapatsa akuluakulu mpata woyamba. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma pamene akuluakulu ambiri ali amuna, nthaŵi ya mafunso imatha dzanja la mayi wa kumbuyo likadali m'mwamba, ndipo tepi imasonyeza msonkhano wabata wopanda wodula mnzake.

Pano msintho wina wa mneni umatithandiza. Pali kuyankhula, pali kuyankhulira, ndipo pali kuyankhuliridwa. Pamwambo wa Acheŵa mwinimbumba amayankhulira alongo ake ndi ana awo pa milandu, ndipo ankhoswe amayankhulira mbali zonse ziŵiri za banja. Kumeneko ndi udindo wodziŵika, wokhala ndi malire ake, ndipo mwambo womwewo uli ndi mabwalo monga a chinamwali kumene liwu la namkungwi silidulidwa ndi munthu. Koma chizoloŵezicho chikaloŵa m'chipinda cha msonkhano chimavala malaya ena. Mayi wamaliza mfundo yake, palibe wamudula. Bambo wina n'kunyamuka nati chimene akutanthauza mayiŵa n'chakuti, ndipo kuyambira pamenepo mfundoyo imakambidwa m'mawu a bamboyo ndi m'dzina lake. Palibe phatikizo lapingasana ndi linzake, koma chimene Zimmerman ndi West ankafuna kuyesa chachitika chathunthu. Ofufuza za ulemu wa hlonipha pakati pa Axhosa ndi Azulu, monga Rosalie Finlayson ndi Robert Herbert, anationetsa kalekale kuti m'chigawo chathu malire a mawu a mkazi angaikidwe iye asanatsegule pakamwa, pomuletsa maphatikizo a m'maina a apongozi ake. Sindikunena kuti hlonipha amaloŵa m'misonkhano ya sayansi. Ndikunena kuti ife ndife omaliza oyenera kukhulupirira kuti kudula ndi njira yokhayo yochepetsera liwu la munthu.

Mbali ya pepala la 1975 imene satchula kaŵirikaŵiri ndiyo inayandikira zimenezi. Zimmerman ndi West anayesanso kukhala chete, napeza kuti m'macheza a mwamuna ndi mkazi akazi ndiwo ankakhala chete motalika, makamaka atadulidwa kapena mwamuna atachedwa kuvomera. Kuchedwa kuvomerako kwa ife si kanthu kakang'ono. Kumene kuvomera kuli mbali ya ulemu wa womvera, kumana munthu eya ndi chida chakuthwa kuposa kumudula, ndipo wochitayo sangaimbidwe mlandu pakuti sananene kanthu.

Malangizo amene amaperekedwa kaŵirikaŵiri, akuti akazi asiye mawu opepesa ayankhule molimba monga amuna, sindiwakhulupirira kwenikweni. Elinor Keenan, amene pambuyo pake anadziŵika ndi dzina la Elinor Ochs, anafotokoza mu 1974 za mudzi wina wa ku Madagascar kumene zinthu zinali zotembenuka: akazi ndiwo ankanena mosabisa, kudzudzula poyera ndi kunenerera mitengo pamsika, pamene amuna ankazungulira ndi luso la kabary. Kumeneko kuzungulirako ndiko kunkatamandidwa monga kuyankhula kwanzeru, ndipo kunena mosabisa kunkayesedwa kupanda luso. Kayankhulidwe kanatembenuka, koma amene ali pansi sanatembenuke. Mayi wa kwathu amene angadumphe zikomo a wapampando n'kuloŵa m'funso lake mosapempha angapulumuke kudulidwa, koma adzatuluka m'chipindamo ndi dzina la wamwano, limene bambo wochita zomwezo sapatsidwa.

Mphamvu yaikulu ili m'manja mwa wapampando, ndipo imayamba wokamba asanaimirire. Julia Files ndi anzake anaŵerenga mu 2017 m'mene madokotala amatchulidwira poitanidwa kukamba nkhani pa misonkhano ya chipatala cha Mayo ku America: amuna oitana ankatchula udindo wa wokamba wamwamuna pafupifupi ka 72 pa 100, koma wa wokamba wamkazi ka 49 pa 100. M'zinenero zathu nkhaniyi ili ndi chinsinsi chake, pakuti Mayi ndi liwu laulemu ndithu, ndipo woitana amene wati a Pulofesa uje kwa bambo, kenaka Mayi uje kwa pulofesa mnzake, amadzimva kuti walemekeza onse. Walemekezadi, koma wina wamulemekeza monga katswiri ndi wina monga kholo, ndipo omvera amva kusiyanako.

Kuyambira mu 2020 misonkhano yathu yambiri yakhala ikuchitika pa intaneti, ndipo zimenezi zasokoneza muyeso wakale m'njira ina. Mawu amachedwa panjira, nthaŵi zina kuposa danga lija la gawo la sekondi limene Stivers ndi anzake anayesa, kotero munthu wa ku Lusaka angayambe kuyankhula pamalo pamene kwa iye panali chete, pamene wa ku Maputo akumumva akuloŵa pakati pa chiganizo. Kupingasana kotere sikungaikidwe pa mutu wa munthu, ndipo wofufuza woŵerenga maphatikizo pa zojambulidwa za Zoom akuyesa mawaya pamodzi ndi khalidwe. Kuvomera nakonso kumafa, pakuti omvera amatseka maikolofoni. Koma makina omwewo amaonetsa chinthu chimene tepi ya 1975 sinkatha kugwira: amandandalika manja okwezedwa motsata amene anayamba kukweza. Wolemba amene wakhala ndi wotchi angalembe dzanja lililonse, mphindi imene linakwera, mphindi imene mwini wake anaitanidwa, amene anamudumpha pamzere, ndi manja amene anatsika okha nthaŵi ya mafunso isanathe.